Mipando Itatu ya M'bwalo Lakale

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Nyumba amamanga pamalo a eni mudzi, ndipo ana akabadwa amakhala a mbumba ya mkaziyo. Zimenezi ndinkazidziwa pamene ndinkakwatira Linile, ndipo sizinandivute. Chimene sindinkachiganizira n'chakuti mkazi akamwalira limafika tsiku limene ankhoswe amakhala pansi n'kumusudzula mwamunayo. Amamuuza kuti wamasuka, atole zake azipita.

Linile anamwalira ine ndili ku Joni. Mwana wathu Yankho anali ndi zaka zinayi. Kuyambira pamene ndinatsika minibasi pa Masambanjati mpaka tsiku losudzulalo, m'mutu mwanga munali funso limodzi: akandiuza kuti ndizipita, kodi pakhomo paja ndidzafikanso ngati bambo wa mwana, kapena basi ndiye kwatha?

Koma ndiyambe ndi bwalo la mpira, chifukwa ndi kumene kunachokera mipando.

Ndinaphunzira zomangamanga ku koleji, pepala ndili nalo. Ntchito yokhazikika sinapezeke. Ndinkangogwira maganyu okonza nyumba za antchito m'maesiteti, lero denga, mawa chimbudzi. Linile ankagwira ku nazale ya tiyi, kuthirira ndi kusamalira mbande. Nditamva kuti ku Joni kukufunika anthu odziwa konkire, tinakambirana, iye anavomera mosachedwa kuposa mmene ndinkafunira. Anandiperekeza pa siteji ali ndi Yankho kumbuyo. Anangoti, "Mukafika muimbe," n'kutembenuka minibasi isananyamuke.

Ntchito ndinakaipeza mumzinda wina wa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kumeneko kunali bwalo la mpira lakale kwambiri, limene eni mzinda anagamula kuti ligwetsedwe poti anali atamanga lina lalikulu kunja kwa tauni. Ine ndinaphunzira kumanga, koma ntchito yanga yoyamba yeniyeni inali yogumula.

Tsiku loyamba ndinaima pakati pa bwalolo, udzu ukundifika m'mawondo. Kumadzulo kunali chigawo chachikulu cha owonerera, cha masitepe a konkire okwera ngati mizere ya tiyi paphiri. Denga lake linali lodabwitsa. Linatuluka kuchokera kumbuyo n'kutambasuka pamwamba pa mipando yonse popanda mzati ngakhale umodzi kutsogolo, ngati dzanja lotchinga dzuwa pamphumi. Za madenga otere ndinali nditangowerenga m'mabuku. Kumbuyo kwake, kuyang'ana kumsewu, kunali khoma lalitali la njerwa zofiira, la makomo okhota pamwamba, ndipo pakati pake panali nsanja ya wotchi imene inaima kalekale. Mphepo ya mchere inali italowa m'konkire, zitsulo za m'kati zitachita dzimbiri n'kufufuma, moti ukagogoda ndi hamala konkireyo inkagwa zibenthuzibenthu.

Mbiri ya malowo ndinaimva kwa mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa komweko amene tonse tinkangomutchula kuti a Madala. Iwo ankati poyamba panali dambo chabe, pamene onyamula katundu padoko ankamenyerapo mpira akaweruka. Kenako azungu anatenga malowo n'kumanga chigawo cha matabwa. Chitapsa ndi moto, m'pamene anamanga cha konkire chija, ndipo omangawo anali anthu obwera, ena ochokera kwathu kuno. Anthu akuda ankaloledwa mbali imodzi yokha, kuseri kwa golo la kum'mawa. Kumeneko kunalibe denga kapena mpando, masitepe okhaokha ndi waya wautali kutsogolo, dzuwa la masana likuwomba m'maso.

Anandionetsa zipata za mbali imeneyo. Zinali zopapatiza, munthu wa mapewa aakulu ankalowa chammbali, ndipo m'kati mwake munali chitsulo chozungulira chololeza munthu mmodzimmodzi.

"Polowa palibe vuto," anatero a Madala. "Koma potuluka, mwana wanga, timu yanu italuza, mvula ikugwa, apolisi ali ndi agalu kumbuyo. Ine nthiti iyi inathyokera pomwepa."

Ankanena akuseka, akusisita chitsulocho ngati ng'ombe yawo.

Tinkagona m'bwalo momwemo, pansi pa chigawo chachikulu, m'chipinda chimene osewera a timu yobwera ankavaliramo. Zokolekera malaya zinali zikadalipo pakhoma. Bafa lalikulu losambiramo timu yonse tinalisandutsa mosungira mapoto ndi ufa. Pafupi ndi ine pankagona a Mulipa, Mlomwe wa ku Mozambique, wa kuseri kwa phiri la Mulanje, amene Chinyanja chawo chinali ngati cha apongozi anga. Ambirife masiku a m'mapasipoti athu anali atatha. Galimoto ya apolisi ikaima pageti, a Madala ankaimba likhweru, ife n'kuthawira mumpita umene osewera ankatulukira polowa m'bwalo. Tinkakhala chete mumdima umenewo, amuna akuluakulu, tikumva madzi akudontha.

"Tikatuluka muno tiyenera kuwomberedwa m'manja," a Mulipa ankanong'ona. "Ndi mmene ankachitira."

Lamulo la mzindawo linati zonse zigwe koma khoma la wotchi lija lisakhudzidwe, chifukwa ndi la mbiri. Vuto linali lakuti khomalo linkatsamira pa chigawo chimene tinkagwetsacho. Tinalichirikiza ndi zitsulo, ndipo injiniya ataona kuti ndimatha kuwerenga mapulani anandipatsa ntchito yoliyang'anira. Pa mng'alu uliwonse tinamatapo kagalasi kopyapyala kopingasa. Khoma likasuntha ngakhale pang'ono, kagalasiko kamasweka. M'mawa uliwonse ndinkakwera sikafodi, makwerero a zitsulo a omanga, kukayendera timagalasi timeneti, mtima uli m'mwamba, chifukwa pansi pa khomalo pankadutsa ana a sukulu.

A Mulipa ankandiseka. "Khoma lako lija ndi mkamwini, achimwene. Eni ake akukambirana ku ofesi ngati likhale kapena lichoke. Lokha silifunsidwa."

Ndinaseka nawo. Nthawi imeneyo zinali zoseketsa.

Pa nthawi yopuma masana ndinkakwera sitepe yapamwamba kwambiri, pamene pankaoneka sitima zapamadzi, n'kumuimbira Linile pa vidiyo. Iye ankakhala pamthunzi wa nazale, chipewa chili pabondo. Linile anali wa Sabata, ndipo poti mpira wa pa esiteti umaseweredwa Loweruka, anali asanaonerepo ngakhale umodzi. Tsiku lina ndinazungulitsa foni kuti aone bwalo lonse.

"Anthu ankadzaza monsemo?" anafunsa.

"Mpaka ena pamwamba pa mpanda."

"Kudzaona mpira umodzi?"

"Umodzi."

"Tsiku la Sabata?"

"Kawirikawiri."

"Ndiye n'chifukwa chake likugwa," anatero, n'kuseka mpaka foni inagwedezeka.

Tisanagwetse chigawo chachikulu tinayamba tazula mipando. Inali ya chitsulo cholemera ndi timatabwa tolimba, yopindika munthu akanyamuka, yolumikizana itatuitatu, uliwonse ndi nambala yake ya penti yoyera. Yonse inkapita kwa ogula zitsulo zakutha. A Madala anakoka gulu limodzi n'kukhalapo, miyendo atatambasula.

"Ndinabadwira mumzinda uno," anatero, "koma mipando iyi ndinayamba kuikhalira tsitsi litayera kale. Tengako, ukakhalepo kwanu ukadali mnyamata."

Kapitawo sanakanize. Ndinasankha ya nambala 41, 42 ndi 43, n'kuipereka kwa bambo wina wonyamula katundu wa Amalawi pa ngolo. Itafika, Linile anaimba.

"Bambo a Yankho, anzanu akutumiza mafiriji. Inu mwatumiza chiyani ichi?"

"Mipando ya mbiri."

"Mbiri yake ndi dzimbiri limeneli? Amalume afunsa ngati kumeneko mukugwira ntchito kapena mukutola m'dzala."

Zaka zonse zimene ndinakhala ku Joni, kumudzi ndinabwerako kamodzi, pa tchuthi cha Disembala. Pamalire panandivuta popita, ndipo pobwerera panavuta koposa, moti ndinadziwa kuti ulendo wotere sungachitike kawirikawiri. M'masabata amenewo ndinamaliza khonde la nyumba yathu. Ndinapala dzimbiri la mipando ija, kuipaka penti yobiriwira, manambala okha n'kuwasiya. Ndinamiza mabawuti m'konkire ikadali yaiwisi, monga anachitira amene anamanga bwalo lija, n'kumangirirapo mipandoyo kuyang'ana kumunda wa tiyi wa kutsidya. Linile anasankha wa kumapeto, 43, poti unali pafupi ndi chitseko. Yankho tinamuika pakati. Madzulo a Sabata tinkakhala pamenepo atatu, kuyang'ana tiyi ngati pali masewero.

Nditabwerera ku Joni, Linile anandiuza kuti ndi woyembekezera.

"Ndiye mufunefune mpando wachinayi," anatero.

Ndinaupeza. Unali umodzi wokha umene unatsalira kuseri kwa chipinda cha oimbira mpira. Ndinaubisa pansi pa bedi langa.

Miyezi imeneyo sindiikumbuka bwino mwa dongosolo lake. Denga lija tinaligwetsa chidutswachidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chikagwa nthaka inkanjenjemera, ine n'kuthamangira ku timagalasi. Masana ndinkaimba foni. Linile anayamba kutupa miyendo. Kenako ankati mutu. Ku sikelo anamuuza kuti magazi akuthamanga, azipuma. Ndikamufunsa ankati, "Ndili bwino, inu samalani khoma lanulo." Ndinkayang'anitsitsa nkhope yake pafoni monga ndinkayang'anira ming'alu, koma chithunzi chinkaduka, ndipo iye ankadziwa kuimika foni patali. Tinagwirizana kuti ndidzanyamuka mwezi wochira ukayandikira, ndipo ku Joni sindidzabwereranso.

Linile sanafike mwezi umenewo. Tsiku lina masana foni yake inayankhidwa ndi malume ake, a Namakhwa. Anati Linile anakomoka ku nazale, anathamangira naye kuchipatala, ndipo iye ndi mwana wa m'mimba yemwe sanapulumuke. Ndinathokoza chifukwa chondidziwitsa. Ndinatsika masitepe, ndinakauza kapitawo, ndinakapereka hamala ku sitolo ya zida. A Mulipa ndi amene anandilongedzera chikwama. Atatulutsa mpando uja pansi pa bedi anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu, iwo n'kuubwezera.

Basi ya ku Joni siifulumira chifukwa cha maliro a munthu. Ndinafika atamuika kale.

Masabata otsatirawo ndinakhala m'nyumba yathu ndekha. Yankho ankagona kwa agogo ake, apongozi anga, nyumba yoyandikana nayo. Ankandidziwa, koma ankanditchula kuti "ababa a mufoni", ndipo ndikamuitana ankabwera n'kuima patali pang'ono. Mpando wa 43 unali wopindidwa, ndipo panalibe amene ankautsitsa. Anthu a pamudzipo sanandichitire chipongwe. Chakudya chinkabwera, moni ankandipatsa. Koma ndikayandikira pamene akuluakulu akhala, nkhani inkasintha kupita m'Chilomwe. Ine ndinakulira pa Luchenza, pa sitolo ya bambo anga, ndipo Chilomwe ndimangotolako mawu apa ndi apo. Ndinkamva dzina langa, ndinkamva la Yankho, zapakatizo osamva.

Apongozi anga aakazi sindikanatha kuwafunsa. Chikwatirire ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso kapena kulankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Linile, ine ndili pomwepo, Linile n'kubwereza. Tsopano wobwereza uja panalibe.

Ndinkadziwa amuna ena amene anasudzulidwa. Wina wa ku Goliati ankaloledwa kuona ana ake pa maliro pokha. Wina anapeza mwana wake atapatsidwa kale dzina la bambo wina ku sukulu. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi mantha omwe aja a pa sikafodi, koma kuno kunalibe kagalasi kondiuza ngati china chasuntha.

Tsiku losudzula linali Lamlungu, kukuchita chiperoni, nkhungu itaphimba tiyi yense wa kutsidya. Malume anga anabwera kuchokera ku Luchenza monga nkhoswe yanga. Tinakhala pamikeka pabwalo la nyumba, amuna mbali ino, amayi mbali inayo. A Namakhwa, amene anapuma pa ntchito ya ukapitawo wa othyola tiyi, ndiwo analankhula monga mwini mbumba.

"Bambo a Yankho, mwakhala nafe bwino pamudzi pano. Sitinamvepo kuti mwatukwana munthu. Nyumba mwamanga, tikuiona. Koma amene munadzera pano wapita. Ndinu mwana wamng'ono, sitingakumangeni. Lero tikukumasulani. Mukapeza banja kwina, ife tilibe mawu."

Malume anga anathokoza monga mwa mwambo. Kenako anandiyang'ana, poti ndinali nditawauza kuti ndili ndi pempho.

"Ndikupempha mwana," ndinatero. "Ndimulere ine. Tchuthi chilichonse azibwera kuno."

Kumbali ya amayi kunamveka kung'ung'udza.

"Mupite naye kuti?" anafunsa a Namakhwa. "Ku Joni? Akagone m'bwalo la mpira?"

"Ku Joni sindibwereranso."

"Onse amatero, bambo. Ikangotha sopo m'nyumba, timva kuti mwakwera basi." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Mayi ake tinaika tokha. Sitikukuimbani mlandu, njira ndi yaitali. Koma tinaika tokha. Mwana ndi wa pano."

Malume anga anandigwira bondo. Ndinadziwa kuti pamenepo palibenso chonena. Ndinafuna kufunsa za kubwera kudzamuona, koma a Namakhwa anali ataimirira kale, akuuza anyamata kuti atulutse katundu wanga. Anatulutsa njinga, chikwama, bokosi la zida, mabuku anga a ku koleji. Zonse zinakwana pamkeka umodzi.

"Ndi mipando yanu ija," anatero a Namakhwa, akuloza pakhonde. "Muzule. Pasatsale kanthu koti mawa muzidzati ndabwera kudzaona katundu wanga. Zikatha zithe bwinobwino."

Pamenepo ndinamva yankho la funso limene sindinafunse.

Ndinatsegula bokosi, ndinatenga sipanala, ndinakagwada pakhonde. Anthu onse ankandiyang'ana kumsana. Chinyezi cha kuno chinali chitagwira kale mabawuti, ndipo loyamba linakana. Ndinathira mafuta, ndinagogoda, ndinakoka ndi manja awiri mpaka linalira n'kutembenuka. Ndinaliika pambali. Ndinapita pa lachiwiri. Manja anga ankagwira ntchito bwinobwino, ngati a munthu wina. Ndinali nditazula mipando yambirimbiri yotere, ndipo ndinkadziwa kuti sizitenga nthawi.

Ndili pa bawuti lachitatu, la pansi pa mpando wa Linile, ndinamva apongozi akulankhula. Analankhula m'Chilomwe, kwa mlongo wawo a Namakhwa, mawu ochepa koma okwera. A Namakhwa anayankha. Apongozi anabwereza mawu omwewo, mokwezanso. Sindinatembenuke. Kenako ndinamva mapazi, ndipo ndinaona m'mphepete mwa chitenje chawo pa sitepe ya khonde, pafupi kuposa mmene anayamba andiyandikirapo. Anali atamugwira Yankho padzanja. Nkhope analozetsa kumbali, kumunda.

"Yankho," anatero m'Chichewa, "auze bambo ako asiye zimenezo."

Mwanayo anandiyang'ana. "Akuti musiye."

"Uwauze kuti mayi ako ankakhala pamenepo tsiku lililonse akaweruka, foni ili m'manja, kudikira kuti ilire. Ine ndinkaona. Mipando imeneyo siichoka."

Yankho anasokonezeka, mawuwo anamuchulukira. "Akuti siichoka."

"Uwafunse, akamabwera Lachisanu kudzakuona, azidzakhala pati? Pansi ngati mlendo?"

Mwanayo sanabwereze zimenezo. Ankayang'ana sipanala. Ine ndinayankha kwa iye, poti ndi mmene zinayenera kukhalira.

"Uwauze agogo kuti ndamva. Uwauze kuti zikomo."

Kumbuyo kwanga a Namakhwa anakhosomola. Anayankhula kwa malume anga, osati kwa ine. "Eni ana anena. Koma azifika dzuwa lisanalowe. Sabata likalowa pano sitilandira munthu wa fumbi la ntchito."

Ndinatola mabawuti awiri aja n'kuwabwezera m'malo mwake. Loyamba linandipulumuka kawiri.

Mwana sanandipatse. Ndinasudzulidwa tsiku lomwelo, ndipo ndinachoka ndi njinga yanga ndi bokosi langa. Ndimachita lendi chipinda pa Masambanjati, ndipo ndinabwerera ku maganyu a m'maesiteti, lero denga, mawa chimbudzi. A Mulipa anatumiza chithunzi miyezi yapitayo. Pamene panali bwalo pali nyumba zosanja ndi malo oimikapo magalimoto, koma khoma la wotchi lilipo, laima lokha kutsogolo. Akuti mpando wachinayi uja anaupereka kwa a Madala, ndi umene amakhalira pageti latsopano.

Mantha sanathe. Palibe chimene chinalembedwa, ndipo apongozi anga ndi munthu wamkulu, amadwaladwala. Sindidziwa kuti mawu awo adzakhala ndi mphamvu mpaka liti. N'chifukwa chake sindijomba. Lachisanu lililonse ndimaweruka msanga, ndimasamba, ndimapalasa njinga kukwera chitunda cha pakati pa tiyi, ndikuyang'ana dzuwa.

Lachisanu lapitali ndinapeza Yankho ali kale pampando wake wa pakati, miyendo ikulendewera. Ndinali nditatopa, ndipo mosaganiza ndinagwira mpando umene unali pafupi ndi chitseko. Iye anandigwira dzanja.

"Apo ayi, ababa. Apo m'pa amayi."

Anatsika, anazungulira, n'kutsitsa 41 ndi manja ake awiri.

"Panu ndi apa."